Mmbulu ndi Duwa la Chinaka

[Kanyimbo kotsegulira, kenako katsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Inu amene mwakhala pakhonde, amayi amene muli kukhitchini, ndi inu madalaivala amene muli pamsewu, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zachilengedwe. Lero tikambirana zamoyo ziwiri zosafanana ngakhale pang'ono. China chili ndi mano, chimathamanga, chimapha. Chinzake chimangokhala pomwe chinamera, ndipo ambiri a ife tinachidyapo osadziwa n'komwe kuti chimachita maluwa. Ndikunena mmbulu, galu wam'tchire wa makutu akuluakulu uja, ndi chomera chimene timapangira chinaka, chomwe abale athu a ku Zambia amati chikanda. Zonse ziwiri zikutha. Koma chamano chija anthu apeza njira yochibwezera komwe chinatha, pamene chamaluwachi chikutipulumuka tikuona. Lero tifufuze chifukwa chake.

Tiyambe ndi mmbulu, poti achinyamata ambiri amangoumva m'nthano. Ndi nyama ya msinkhu wa galu wamkulu, yolemera makilogalamu 20 mpaka 30, ya miyendo yaitali yowonda. Makutu ake ndi aakulu, obulungira. Ubweya wake ndi wamawangamawanga, akuda, achikasu ndi oyera, ndipo simungapeze mimbulu iwiri yofanana mawanga, mwakuti ofufuza amaizindikira umodziumodzi pongoyang'ana zithunzi. Nsonga ya mchira imakhala yoyera. Phazi lililonse lili ndi zala zinayi zokha, pamene galu wathu wapakhomo ali ndi kachala kachisanu kumiyendo yakutsogolo.

Mkango umabisalira, kambuku amanyang'ama usiku, koma mmbulu subisala. Umasaka pagulu, poyerayera, m'mamawa ndi chakumadzulo dzuwa litapepa. Gululo likasankha nswala kapena mwana wa ngoma, limaithamangitsa mpaka ifooke, liwiro n'kumafika makilomita 60 pa ola. Ikagwira imadya mwachangu, m'mphindi zochepa nyama yatha. Ikachedwa afisi afika kudzalanda, kapena mkango, umene suzengereza kupha mmbulu weniweniwo. Kadyedwe kong'amba nyama isanatsirizike kameneka n'kamene kanaipitsa mbiri yake. Nthawi ya atsamunda, ku Northern Rhodesia ndi ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, boma linkaitenga mimbulu ngati chilombo chowononga, ndipo inawomberedwa masauzande, ina m'nkhalango zotetezedwa momwe.

Owomberawo akadapita kuuna kwake, mwina akadaganiza kawiri. M'gulu lonse nthawi zambiri umabereka ndi waukazi umodzi wokha, mtsogoleri wa gululo. Bere limatenga pafupifupi masabata 10, ndipo ana amabadwa ambiri, mwina 10, m'dzenje limene nyama ina inakumba n'kulisiya. Mayiyo amatsala kuuna, enawo n'kupita kokasaka. Pobwerera sabwera ndi nyama kukamwa ayi, amabwera nayo m'mimba. Tiana timathamangira kukamwa kwa akuluakulu, kulira, kunyambita milomo yawo, ndipo wamkuluyo amabzikula nyama imene wangomeza kumene kuti ana adye, mayi adye, ndi mlonda amene anatsala kuuna adyenso. Ana akakula n'kuyamba kutsatira kosaka, pakatha miyezi itatu, akuluakulu amagwira nyama n'kufutukira pambali kuti ana ayambe ndiwo. Kwa mikango sizitero, yamphongo imadya mpaka kukhuta ana akuyang'ana. Wovulala kapena wodwala m'gulu la mimbulu amadyetsedwanso ndi anzake.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ichi chimandisangalatsa. Mu 2017 ofufuza amene ankatsatira mimbulu ku Okavango m'dziko la Botswana analengeza kuti gulu likafuna kunyamuka limagwirizana poyetsemula. Ikadzuka ndi kulonjerana, ina imayamba kuyetsemula, ndipo kuyetsemulako kukachuluka gulu limanyamuka. Akayambitsa ndi mtsogoleri, kuyetsemula katatu kokha n'kokwanira. Akayambitsa wamba, pamafunika kokwana 10 kapena kuyandikira pamenepo.

Nanga nyama yodziwa kusaka chonchi ikutha bwanji? Vuto lake ndi miyendo yake yomweyo. Gulu limodzi limatha kuyendayenda m'dera la masikweya kilomita 500 kapena kuposa, pamene nkhalango yonse ya Liwonde ndi masikweya kilomita 548. Ana akakula, aamuna amachoka paokha, aakazi paokha, kukafuna anzawo oyamba nawo gulu latsopano, ndipo amayenda mitunda yaitali. Poyendapo amadutsa m'minda, m'misewu ya phula, m'malo otchera misampha. Khwekhwe amene munthu watchera gwape sasankha khosi. Ikafika pafupi ndi midzi imagwira mbuzi, zimenezi tisabise, ndipo mwini mbuzi amabwezera ndi poizoni. Imatenganso chiwewe ndi matenda ena kwa agalu athu osabayitsa katemera, ndipo popeza imanyambitana kukamwa tsiku ndi tsiku, umodzi ukadwala gulu lonse lapita. Ku Serengeti m'dziko la Tanzania mimbulu inazimiririka mu 1991, ndipo matenda ndiwo anatchulidwa kwambiri. Lero mu Africa yense akuti yatsala pafupifupi 6,600.

Kuno ku Malawi magulu okhazikika anatha kalekale. Koma bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalango ya Majete mu 2003 ndi ya Liwonde mu 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linamanga mpanda, linachotsa misampha, nyama zodya udzu zinachulukana. Mikango inabwezedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018. Kenako mu Julaye 2021 mimbulu 14 yochokera ku South Africa ndi ku Mozambique inatera pa ndege, 8 kupita ku Liwonde, 6 ku Majete, mothandizana ndi bungwe la Endangered Wildlife Trust. Ina inavekedwa malamba a m'khosi otumiza uthenga wa komwe ili. Inaswana. Koma chakumapeto kwa 2022 gulu la ku Liwonde linafa ndi poizoni wothiridwa ndi anthu opha nyama mozemba. Inali nkhani yowawa, ndipo inamveka mpaka kunja kwa dziko lino.

Gwirani mfundo imeneyi, omvera, chifukwa tiifuna posachedwa. Mimbulu ija itafa, alonda anadziwa kuti yafa ingati, yafera pati, yafa ndi chiyani. Panali anthu amene ntchito yawo inali kuiwerenga m'mawa uliwonse.

[Kanyimbo kakafupi]

WOULUTSA: Tabweranso. Tsopano tikwere phiri, tipite ku Nyika, nkhalango yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965. Mukafikako mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili mkati, udzu wa pamwamba pa mapiri ndi m'madambo umakhala utadzaza maluwa. Pakati pa maluwawo pali banja limene akatswiri amalitcha orchid, ndipo ku Nyika kokha kuli mitundu yake yoposa 200. Ina imamera pamitengo, koma ife tikukamba za imene imamera pansi. Pali ya Disa, ina yofiirira ngati moto, ina yapinki. Pali ya Satyrium, imene duwa lake lili ndi timichira tiwiri kumbuyo. Pali ya Habenaria, yobiriwira motuwa, imene yambiri imanunkhira usiku kuitana agulugufe oyenda mumdima.

Gwadani pansi, mufukule dothi mosamala pambali pa phesi limodzi. Mupeza timbatata tiwiri. Kamodzi n'kofota, kamakwinya, kopepuka. Kameneko ndi ka chaka chatha, ndipo chakudya chake chonse chathera kukweza phesi ndi duwa mukulionalo. Kanzake n'kolimba, kodzaza, kosalala. Kameneko ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Chilimwe chikafika masamba amauma, moto umadutsa pamwamba, koma kambatata kolimbako kamagona m'nthaka kudikira mvula. Wokumba chinaka amafuna kolimbako. Akakachotsa, chomeracho chathera pompo. Si ngati kuthyola chisoso kapena bonongwe, zimene mawa zimaphukanso.

Ndipo chinaka n'chokoma, tisanamizane. Mayi amatsuka timbatata tija, kutiduladula, kutiyanika padzuwa, kutisinja mumtondo ndi kusefa. Amatereka madzi, kuthira nsinjiro ndi mchere, n'kuvundula kaphala. Kenako amawaza ufa wa chinaka pang'onopang'ono mthiko usakuima, kuthira soda kapena chidulo, ndi tsabola kwa okonda. Mphika umayamba kulemera, dzanja limatopa, mpaka chija chimaleka kumata mthiko. Amasalaza pamwamba, kuvundikira, n'kuika makala pachivundikiro kuti pamwamba pakhwime. Chikazizira amachidula ndi mpeni, chofiirira, chotanuka, chogwirana bwino. Chimene chimachigwiranitsa choncho ndi ulimbo wachilengedwe umene uli m'timbatata timeneti, ndiye chifukwa chake mbatata wamba kapena chinangwa sizingalowe m'malo mwake.

Kale chinali chakudya chakumudzi, chodziwika kwambiri pakati pa Abemba a kumpoto kwa Zambia ndi anansi awo, ndiwo yodyera nsima masiku osowa nyama. Mayi ankakumba todzaza kansengwa m'dambo lakwawo, ndipo dambolo silinkamva kanthu. Zinthu zinasintha chikanda chitalowa m'tauni. Lero ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola chimagulitsidwa m'misika, m'mabasi, m'masitolo akuluakulu, chimadyedwa pa maukwati ndi m'mahotela. Madambo a ku Zambia atayamba kuperewera, amalonda anawoloka malire kukagula ku Tanzania, ku Congo, ku Angola, ku Mozambique ndi kuno kwathu. Mu 2003 ofufuza awiri, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, anasindikiza zimene anapeza kumapiri a kumwera kwa Tanzania. Anawerengera kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkatuluka m'dzikolo kulowa ku Zambia chaka chilichonse, tambiri kudzera pa Tunduma, ndipo mitundu yofika 85 inali pangozi. Kambatata kalikonse pa chiwerengero chimenecho ndi chomera chathunthu chimene chafa. Boma la Tanzania linachitapo kanthu. Mu 2005 linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Kitulo, yoyamba m'chigawo chotentha cha Africa kutetezedwa makamaka chifukwa cha maluwa ake.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga bwanji osangodzala, monga timadzalira mbatata ya kachewere? Apa ndiye pagona nkhani. Njere ya chimanga kapena nyemba imabadwa ndi kamba wake, chakudya chokwanira kuti mphukira ituluke ndi kuona dzuwa. Njere ya maluwa awa ilibe kamba. Ndi yosalala ngati ufa wosefa, mwakuti kathumba kamodzi ka njere kamatulutsa masauzande, mphepo n'kuziuluza. Kuti imere, iyenera kugwera pamalo pamene m'nthaka muli timaulusi ta mtundu wina wa bowa, tosaoneka ndi maso. Timaulusito timalowa m'njeremo n'kuyamba kuidyetsa. Popanda bowa woyenera njereyo imangofa. Ikapeza mwayi, imakula mobisika, ndipo pamapita zaka chomeracho chisanatulutse duwa loyamba. Duwalo nalonso limadikira kachilombo kake, njuchi, ntchentche kapena gulugufe wa mlomo wofika pansi pa kamchira kaja, kuti kanyamule mungu kupita nawo pa duwa lina.

Tsono yerekezani. Mmbulu ukatha ku Liwonde, mukhoza kupita kwa anansi, kuugoneka ndi jakisoni, kuukweza ndege, kuutsekera mumpanda masabata angapo kuti uzolowere, n'kuutsegulira. Pakatha chaka wabereka. Ndi ntchito yodula, yofuna akatswiri, koma njira yake ikudziwika. Dambo la chinaka likakumbidwa lonse, kapena likagawulidwa kukhala dimba, mukweza chiyani m'ndege? Mufunika njere, bowa wake, dothi la chinyezi chake, kachilombo konyamula mungu, ndi zaka zodikira. Ku Zambia akatswiri a pa Copperbelt University mothandizana ndi a ku Kew Gardens ku Britain ayesapo kumeretsa njerezi m'mabotolo kuti tsiku lina alimi azidzala okha. Ndi ntchito yofunika, koma chinaka chimene chili pamsika lero ndi chokumba kutchire.

Kusiyana kwina ndi kumene ndinakupemphani kuti mugwire kuja. Mmbulu umawerengedwa. Duwa la chinaka palibe amaliveka lamba m'khosi. Miyezi yambiri pachaka silioneka n'komwe, lili pansi. Likafika pamsika lafika lopanda masamba, lopanda duwa, timbatata tokhatokha m'thumba, ndipo ngakhale katswiri sangakuuzeni motsimikiza kuti aka ndi ka mtundu uti. Ofufuza amachita kutenga zidutswa za chikanda chophikaphika kukaziyeza DNA, n'kupeza mitundu ingapo yosakanikirana m'chidutswa chimodzi. Mtundu wina wopezeka paphiri limodzi lokha ukhoza kutheratu m'mphika popanda wolemba tsiku lake. Chizindikiro chimene tili nacho ndi chimene okumba eni ake amanena: kuti komwe ankapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, tsopano amachita kugonera, ndipo mitundu imene kale ankaisiya poti ndi yosakoma, lero akuitola.

Malamulo alipo. Kukumba chomera m'nkhalango yotetezedwa ngati Nyika ndi mlandu. Pangano la mayiko la CITES, limene Malawi, Zambia ndi Tanzania anasaina, limafuna chilolezo kuti maluwa a banja limeneli awoloke malire. Koma mlonda wa pachipata amene angadzidzimuke ataona chikopa cha kambuku kapena mnyanga wa njovu, thumba la timbatata tadothi amaliona ngati katundu wa mayi wopita kumsika. Ndipo mpanda wa magetsi umene umathandiza ku Majete sungazungulire madambo onse a ku Mzimba, Chitipa, Kasungu ndi Mchinji, chifukwa ambiri mwa madambowo ali m'manja mwa mafumu ndi anthu awo, momwe timamwetsa ng'ombe ndi kulima masamba.

Pano ndiyankhule mosapsatira. Sindikufuna kuti wina azimitse wailesi akuganiza kuti mdani wa duwali ndi mayi wa khasu uja. Kafukufuku wina wa kumapiri a ku Tanzania anaonetsa kuti ambiri mwa okumba ndi amayi amasiye ndi ana amasiye, mabanja amene matenda a Edzi anawalanda owasamalira. Amayenda m'chisanu cha kumapiri, kugwada m'matope tsiku lonse, n'kugulitsa chitini pa mtengo wochepa kwa wamalonda amene akapindule kawiri katatu m'tauni. Ndalama imeneyo ndi ya sopo, ya makope a ana, ya chigayo. Kumuuza mayi wotere kuti aleke popanda kumupatsa pogwira pena ndi kungotaya mawu. Koma ndi iye yemweyo amene adzayambe kulira dambo likauma chinaka, wamalonda atasamukira kudambo la dziko lina. Ife a m'tauni amene timagula kachidutswa pa depoti tili m'nkhaniyi mofanana ndi iye, kungoti matope satifika m'mawondo.

Ndiye chingachitike n'chiyani? Kumbali ya mmbulu, zina zili m'manja mwa aliyense wokhala pafupi ndi nkhalango. Bayitsani agalu anu katemera wa chiwewe alangizi a ziweto akalengeza, poti potero mwatetezanso ana anu. Mangani khola lolimba, mbuzi zigone mkati. Mukaona mimbulu kunja kwa mpanda dziwitsani alonda, musathire poizoni, chifukwa poizoni wa pa nyama yakufa kapena pa chithaphwi amapha miimba, afisi, agalu a m'mudzi, ndipo amatha kufika m'mphika wa munthu.

Kumbali ya chinaka, ntchito yagona pabwalo la amfumu. Amfumu a m'mudzi ndi anthu awo akhoza kugwirizana kuti m'dambo mwawo musalowe khasu maluwa asanaume ndi kumwaza njere. Chomera chimene chamwaza njere chasiya mbewu, chokumbidwa chili ndi duwa chapita ndi ana ake omwe. Akhoza kugawa dambo, chaka chino kukumba mbali iyi, mbali inayo n'kuipumitsa zaka zingapo. Akhoza kuletsa kukumba mopsereza, kuti pa zomera zingapo zoyandikana zina zizitsala, ndi tating'onoting'ono tisakhudzidwe. Wokumba akafukula abwezere dothi ndi udzu pamalo pake, chifukwa bowa uja amakhala m'dothi lomwelo, ndipo likasiyidwa pamtunda padzuwa amauma. Akhozanso kupatula kachigawo ka dambo kosalimidwa dimba. Mudzi umene umatha kuika lamulo la nthawi yotsegulira mbuzi m'minda, kapena loteteza mitengo ya kumanda, sungalephere izi ukaona phindu lake. Chovuta ndi alendo obwera ndi matumba ndi ndalama m'manja, amene alibe nazo ntchito za chaka chamawa, ndipo mudzi umodzi ukawakaniza amangopita mudzi wotsatira. N'chifukwa chake mgwirizano wotere umafunika ufike kwa mfumu yaikulu ya dera lonse, alangizi a zankhalango ali pomwepo.

Pali chinthu chimodzi chimene akatswiri sangachipeze m'mabotolo awo, koma inu amayi ndi agogo okumba muli nacho. Mumasiyanitsa mitundu ya chinaka ndi maina akwanu. Mumadziwa kamene kamagwira bwino mumphika ndi kamene n'kongowonjezera, dambo limene linkabereka kale ndi limene latha, mwezi umene mtundu uliwonse umakhwima. Tilembereni kapena tiimbireni kuno ku wailesi mutiuze maina amenewo, dera lanu, ndi mtunda umene mukuyenda masiku ano poyerekeza ndi kale. Ana asukulu, afunseni agogo anu, mulembe m'kope, aphunzitsi atitumizire. Tidzawerenga zimene mwatumiza m'pulogalamu yathu ikubwerayi, ndipo tidzazipereka kwa alangizi a zankhalango a m'maboma anu.

Nthawi yatithera.

[Kanyimbo kotsekera]